Livu Yanga Ili pa Mtengo wa Mishimishi

Lolemba, 5 Meyi

Zisanu ndi ziwiri. Ndawerenga kanayi, kawiri ndi magalasi, kawiri popanda. Zisanu ndi ziwiri ndithu! Zipatso zachikasu, masaya ofiirira ngati khanda lodya bwino, zili lendelende pa kamtengo ka Che Jafali kuseri kwa mpandawu. Kamtengo kolekeza m'chiuno! Kokhala mumphika ngati duwa la pakhonde!

Nanga wanga? Wanga wapitirira mpanda, wayamba kusuzumira magalimoto mumsewu wa Al Markhiya, kuno ku Doha. Mthunzi wake ungakwane msonkhano wa chipani. Chipatso: ziro.

Mitengo iwiriyi inabwera tsiku limodzi, zaka zinayi zapitazo, pa lole imodzi, kuchokera ku nazale imodzi. Wina anautsitsa pa geti la abwana anga, wina pa geti la abwana a Jafali. Kapepala kake kofanana: mishimishi. Ndi mphwake wa pichesi, wocheperako, wosachuluka ubweya. Azungu amati apurikoti.

Chondiwawa ndi ichi. Ine ndine wa ku Dedza. Ndinakulira pansi pa mapichesi, sukulu ndinaisiyira sitandade 6 chifukwa cha mapichesi a ahedi. Jafali ndi wa ku Mangochi, kumene juzi amaionera pa chithunzi. Munthu wa malambe ndi migwalangwa kundiposa ine pa chipatso cha kozizira! Dziko latembenuka.

Koma nsanje pambali. Ndilibe nsanje, ndikungonena. Nkhani ndi iyi: Tadala, mdzukulu wanga amene ndinamulera chimwalirireni atate ake iye ali ndi zaka zitatu, chinkhoswe chake chili Loweruka lomaliza la Juni. Livu yanga ndinaidya kale chaka chatha. Ndiye m'mawa uno ndapita kwa Ustazi, kapitawo wa antchito panyumba pano, munthu wa ku Iguputo amene mimba imafika kaye iye n'kubwera pambuyo. Ndapempha masabata awiri okha. Sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Akuti, "Fil mishmish, baba. Yalla."

Chiarabu changa n'chotsimphina, koma apa ndamva bwinobwino. Fil ndiye kuti "pa", yalla ndiye kuti "fulumira". Mishimishi ndi uyu ndimamuthirira tsiku ndi tsikuyu. Ndiye kuti mishimishi akabereka, livu yatheka. Munthu wachilungamo! Sanandikanize, wangondipatsa homuweki.

Kupita ndipita basi. Si za mpunga ayi. Pa chinkhoswe, nthawi imene amatulutsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti mkamwini aloze wake, ine ndidzakhala wachitatu pa mzere. Ndinamulonjeza Tadala ali sitandade 5, ndipo mwanayo saiwala. Mayendedwe ndakhala ndikuyeserera m'galaja. Mnyamatayo akadzavundukula chitenje n'kupeza ndevu zoyera ndi mano anayi, ndikhoza kufa tsiku lomwelo, palibe dandaulo.

Dongosolo la sabata:
1. Kufufuza chinsinsi cha Jafali popanda kumufunsa.
2. Kuuza mtengo wanga kuti masewera atha.
3. Zipatso pofika Lachisanu.
4. Tikiti.
5. Kusachita nsanje.

Lachiwiri, 6 Meyi

Makwerero pa mpanda sikisi koloko m'mawa, ati ndikudulira maluwa. Maluwawo ndinadulira kale sabata yatha. Lero ndikudula mphepo, khwapu khwapu, maso ali kwa eni ake.

Zimene ndaona:
- Zikadali zisanu ndi ziwiri. Ngakhale chimodzi kugwa, ayi. Mbalame za kuno n'zaulesi.
- Jafali amazipukuta fumbi ndi kansalu, chimodzichimodzi. Nkhope yake yomwe sapukuta chotere.
- Mphikawo uli ndi matayala.
- Kumunsi kwa thunthu, chikhatho chimodzi kuchoka pa dothi, pali chotupa ngati bondo la nkhalamba.

Ndatsika, ndayang'ana wanga. Bondo palibe. Wosalala ngati mwendo wa namwali. Mtima wakhala pansi pang'ono: wakewo ndi wolumala.

Kukomako sikunakhalitse. Ndakweranso, ndipo wandiona. "Madala, mugwa. Ngati mukufuna kuona, geti lilipo."

Ndati ndikuona nyengo. Basi wayamba sukulu, osapemphedwa. Paja kwawo anagwirako ntchito ku nazale ya mango, ndiye amayenda ngati ali ndi digiri m'thumba. Akuti bondolo si matenda, ndi pamene anamezanitsa. Akuti mtengo wa ku nazale ndi mitengo iwiri yokwatitsidwa: pansi tsinde la mtundu wina, pamwamba nthambi ya mishimishi weniweni. Wapamwamba ndiye amaonetsa zipatso, koma wapansi ndiye amalamula. Ndati ngati banja la kwathu lija. Sanaseke.

Kwathu za kukwatitsa mitengo sitizidziwa. Umadya pichesi, njere umaponya kuseri kwa khola, zaka zitatu mwana akugwa mumtengo. Koma ndamvetsera, popeza ndinali pa makwerero ndipo kutsika mothawa kukanandichotsa ulemu.

Akuti:
- Tsinde la pichesi: mtengo umakula msanga, zipatso zikuluzikulu. Koma dothi la kuno n'la laimu, madzi n'amchere, ndiye masamba amasanduka ngati maso a wodwala chikasu.
- Tsinde la njere ya mishimishi yemweyo: limapirira ludzu, mtengo wamtali, koma kuti ubereke umayamba wakukalambitsa.
- Tsinde la pulamu: lilipo lina limaugwira mtengo pamapewa kuti usatalike, n'kubereka msanga. Vuto lake, ukwatiwo ukakhala wosagwirizana, mphepo ikabwera umathera pabondo pomwepo, thyo!

Wake akuti uli pa pulamu. N'chifukwa chake ndi kafupi, n'chifukwa chake kamakwana mumphika, n'chifukwa chake Disembala ndi Januwale amakakankhira m'chipinda chozizira cha kukhitchini, mmene abwana ake amasungira nyama. Akuti mishimishi wosagona m'chisanu sachita maluwa.

Mtengo wogona mufiriji! Ine munthu wobatizidwa ndimagona ndi eyakoni yolira ngati chigayo koma yotulutsa mpweya wa ng'anjo.

Ndafunsa mosasamala kwenikweni kuti nanga wangawu uli pa tsinde lanji. Wauyang'ana nthawi yaitali, wakanda ndevu. "Wanuwo, madala, tsinde lake ndi lamphamvu. Lamphamvu kwambiri." Basi wapita.

Mwamva? Ngakhale mdani wavomereza!

Masana, mankhwala a kwathu. Msomali wautali pa thunthu, kho kho kho. Chitsononkho cha chimanga pa nthambi (chimangacho ndadya kaye, ntchito ndi ntchito). Kenako nkhwangwa. Kwathu mtengo ukakana kubereka, wina amauopseza ndi nkhwangwa, wina n'kuupepesera kuti upatsidwe chaka chimodzi. Kuno wopepesa palibe, ndiye ndachita mbali zonse ndekha: uku ndakwiya, ndalumphira uko ndagwada, ndabwereranso uku ndakhululuka. Mtengo uli duu. Amene wasangalala ndi Mama Wamkulu, amayi a abwana, nkhalamba inzanga imene imakhalira pazenera ndi mikanda yake. Awomba m'manja. Koma ndiye ndili ndi wondionera mmodzi.

Lachitatu, 7 Meyi

Duwa palibe. Mphukira palibe. Chimene mtengo wandipatsa ndi munga pa chala chachikulu. Wa Jafali ulibe minga. Kapena wangawu ndi wamphongo?

Ndaganiza ngati munthu wa sayansi. Chinsinsi ndi chisanu. Mtengo sungapite ku firiji. Ndiye firiji ipite ku mtengo.

Zida:
- wilibala
- ayisi yense wa m'makina a kukhitchini, ndowa zisanu ndi imodzi
- fani ya m'galaja
- makatani akale a Madamu

Ndaunjika ayisi pa tsinde, ndaufunditsa makatani, ndayatsa fani. Ndakhala pa ndowa n'kumaufotokozera za Juni wa ku Dedza: chifunga chotsika phiri mpaka kubisa chimbudzi, madzi a mumtsuko oluma mano, Tadala ali kamwana atavala masokosi anga m'manja popita ku sukulu. Ndinati mwina mtengo ukamva uzizidwa. Amene wazizidwa ndine, mkati umu. Zachibwana. Fumbi la kuno limalowa m'maso.

Ayisi wapirira nthawi yomwera kapu imodzi ya tiyi wa karaki. Kenako matope.

Wani koloko, alendo a abwana adzaza ku majilisi, chipinda chochezera amuna. Juwisi wofunda ngati wa odwala. Ustazi watulukira kuseri akuthamanga, mimba patsogolo: "Mafi ayisi! Ayisi yense wapita kuti?" Ndati wabwerera kwa makolo ake, madzi. Sanaseke. Anthu a kuno nthabwala amaifuna ndi risiti. Wandilanda wilibala mpaka Lamulungu. Khalasi, nkhani yatha.

Foloko koloko, phokoso kuseri kwa mpanda. Makwerero! Madamu a Jafali abwera ndi anzawo asanu kudzajambula kamtengo. Mafoni m'mwamba, mashallah, mashallah. Jafali waimikidwa pambali atavala kofia yatsopano, manja kumbuyo ngati nduna yotsegulira mjigo. Akumutchula muhandisi, ndiye kuti injiniya. Injiniya wa zipatso zisanu ndi ziwiri! Ine ndi mtengo wa mamita anayi amanditchula baba, yalla.

Atapita ndafunsa, mongocheza, kuti kuchoka pa duwa kufika pa chipatso ndi masiku angati. "Maluwa Febuluwale, kupsa Meyi." Ndawerengera pa zala. Ngakhale wanga utachita maluwa mawa, kupsa ndi Ogasiti. Chinkhoswe chitatha, mbale zitatsukidwa, mkamwini atayamba kale kunenepa.

Ndati, "Che Jafali, m'bale wanga, tinamwera madzi a dziko limodzi. Bwanji kanthambi kamodzi ka zipatso ziwiri, timezanitse pa wangayu, Loweruka ndibweza?"

"Nthambi ya zipatso samezanitsa, madala. Ndiponso Madamu anazipatsa mayina."

Mayina! Ine zaka zisanu ndi zitatu pano, dzina langa sanalitchulepo molondola ngakhale kamodzi.

Uthenga wa mawu wochokera kwa Tadala: "Agogo, chitenje chanu ndagula kale, cha maluwa ofiira, mamita anayi poti ndinu aatali. Sindinauze munthu, ngakhale amayi. Mwakonfema tikiti?"

Ndayankha kuti yatsala pang'ono kupsa.

Nambala 5 ya dongosolo ndaifufuta. Sikugwira ntchito.

Lachinayi, 8 Meyi

Ustazi anati mishimishi. Sananene kuti wochokera kuti. Munthu azisamala polankhula ndi wa sitandade 6.

Andituma feteleza ku Al Nasr. Pobwera ndadzera m'sitolo yaikulu, ndatuluka ndi kabokosi ka mishimishi pansi pa thumba la feteleza.

Funso la masamu: ndiike zingati?
- Chimodzi chikukwanira livu.
- Zisanu ndi ziwiri, ndafanana ndi Jafali.
- Kufanana ndi wa ku Mangochi? Ndife ana?
- Khumi ndi zinayi.

Ndadya zitatu zotsala kuti ndidziwe zimene ndikubereka. Palibe chodabwitsa. Pichesi wa kuseri kwa khola lathu angazimenye mbama zonse zitatu.

Ndinagula ulusi wobiriwira, koma sunafunike n'komwe. Minga ija! Mulungu salenga kanthu pachabe. Ukangotenga chipatso n'kuchibaya pa munga, pyo, chakhala ngati chinabadwira pomwepo. Chilichonse chinali ndi kapepala kakang'ono ka m'sitolo. Ndachotsa tonse mosamala, poti sindine chitsiru, n'kumamata pa chipewa kuti tisagwere pansi wina n'kutiona.

Faifi koloko ntchito yatha. Ndabwerera m'mbuyo mapazi khumi. Amayi inu! Mtengo wa Khirisimasi! Dzuwa likuwomba pa zipatso, chikasu chili ngwee pakati pa masamba. Zoona ndikanakhala mkazi ndikanaimba nthungululu. Ndaimbabe, chapansipansi.

Ustazi wapita ndi abwana, abwera mawa akatha mapemphero. Palibe vuto. Pali wina woyenera kuona kaye.

Ndagogoda pa mpanda. Ulendo uno wakwera makwerero ndi Jafali. Mtima wanga gu gu gu, ngati tsiku limene ndinafunsira malemu mayi a kunyumba. Wayang'ana. Wavala magalasi. Wayang'ananso.

"Mashallah. Dzulo kunalibe duwa."

Ndati tsinde lamphamvu, munanena nokha.

"Zoona. Ndipo zaberekera pa minga, zopanda phesi."

Ndati ndi mtundu wa ku Dedza.

Wagwedeza mutu, watsika osanenanso kanthu. Kaduka! Kamutseka pakamwa! Ndikumumvetsa, ndi matenda oipa, ine ndinaonapo anthu akudwala.

Lachisanu, 9 Meyi

Ofu. Sikisi koloko zonse khumi ndi zinayi zilipo, zikuwala. Ndajambula, ndatumiza pa gulu la Amalawi la pa foni, ndi mawu akuti "Ntchito za manja anga." Anesi, maakauntanti, ainjiniya enieni, onse zala zazikulu m'mwamba. Wina akuti mundisungire ziwiri tikakumana ku Ras Abu Aboud madzulo.

Munthu wanzeru akanakhala pansi pa mtengo ndi ndodo. Ine ndapita ku tchalitchi, poti kuno Lamulungu lathu limagwa Lachisanu, komanso chithunzi chimafunika kuonetsa pamaso. Pa nthawi ya maumboni ndinatsala pang'ono kuimirira. Mwina mngelo ndiye anandikoka jekete.

Wani koloko ndabwera. Dzuwa la Doha lija, loti dzira ukaliika pa galimoto limapsa.

Zimene ndapeza:
- Zisanu palibe. Mbalame zija ndinazinena ulesi zagwira ovataimu.
- Zinayi zaphulika, zikudontha ngati mphuno za mwana wa chimfine.
- Zisanu zili lende, zokwinyika ngati zigongono zanga.
- Nyerere mzere kuchokera ku geti, zina ndikuganiza zabwera pa basi.
- Fungo la kachasu woyamba.

Kuseri kwa mpanda: zisanu ndi ziwiri, zosalala, pansi pa kaneti ka mthunzi. Zinthu zina zimapweteka kuposa munga.

Komabe chipatso ndi chipatso. Ustazi atadya ndamuitana. Wabwera atavala kanzu, mkanjo wake woyera wa Lachisanu, akutokosa m'mano. Ndaloza m'mwamba. Ndati, "Ustazi, mishimishi. Livu."

Wayang'ana m'mwamba. Nthawi yomweyo chimodzi chasiya munga, phwa, pa phewa la kanzu. Wayang'ana phewa. Wayang'ana ine. Maso ake akwera pang'ono n'kuima pa chipewa changa.

Timapepala tija. Tonse khumi ndi tinayi, pa mzere ngati mamendulo a msilikali.

Ndimayembekeza kukalipidwa. Bola kukalipidwa! Munthu waseka mpaka wakhala pa ndowa yanga, ndowa n'kuphwanyika, iye osasiya. Misozi mbwe. Atapeza mpweya ndiye akundiuza, theka Chingerezi theka manja: kwawo mishimishi amapsa masiku ochepa kwambiri, ukamva kuti wafika pa msika, pofika iwe watha. Ndiye munthu akakuuza kuti fil mishmish, akutanthauza kuti iwalako. Sizidzachitika. Ngati kunena kuti galu akadzamera nyanga.

Ndiye kuti sabata yonseyi ndakhala ndikumata nyanga pa galu.

Safunsa anadya phula. Ine ndadya phula, chimanga, ndi mishimishi atatu.

Ku Ras Abu Aboud sindinapite. Ndalemba pa gulu kuti ndadwala mutu. Wina wayankha kuti mwina mwadya zambiri, madala. Foni ndaiika pansi pa pilo.

Loweruka, 10 Meyi

Ndikutsuka mtengo ndi payipi, kuchotsa manyazi a dzulo, Jafali walowa pa geti. Pa geti, ngati mlendo, atanyamula kakhasu ka maluwa ndi tsamba limodzi.

Waika tsamba lakelo pa chikhatho changa, wathyola langa, waika pambali pake. Lake lozungulira, lotambalala ngati khutu la mbewa yonenepa. Langa laling'ono, losongoka. Zaka zinayi ndimati ndi chifukwa choti wanga ndi wochangamuka.

Kenako wagwada, wayamba kufukula mulu wa dothi ndi manyowa umene ndakhala ndikuunjika pa tsinde. Wafukula, wafukula. Watulukira kachitsa kouma, konenepa ngati chala chachikulu, kodulidwa bwinobwino ndi mpeni. Pansi pake, bondo.

"Mishimishi wanu ndi uyu, madala. Anamudula ndani?"

Ndakumbuka zonse nthawi imodzi, ngati munthu woterereka m'bafa. Chaka choyamba chija. Kamtengo kanali kofooka, timasamba tinayi, kakuoneka ngati kapempha kubwerera kwawo. Ndiye pansi penipeni panatuluka mphukira yonenepa, yobiriwira, yokula chikhatho pa sabata. Ine, katswiri wa ku Dedza, ndinati apa wamoyo ndi uyu. Wodwalayo ndinamudula kuti asamadye chakudya cha mnzake.

Ndiye kuti ndinapha mkwatibwi n'kulera nkhoswe.

Jafali akuti chimtengo chonsechi ndi tsinde lokhalokha, pulamu wa kutchire, m'bale wake wa amene ali pansi pa kamtengo kake. Wake ali pa ukwati, ali mumphika, mphamvu zake zonse zimapita ku zipatso za mnzake. Wanga ndinamumasula, ndinam'patsa bwalo lonse ndi manyowa, ndiye akukhala moyo wa mbeta: kutalika, minga, osabereka. Akuti ngakhale atabereka ndi tinthu towawasa toti mbuzi ikhoza kukusumira.

Ndipo kandodo ndinadulako sindinataye. Ndi kamene kamachirikiza zenera la galaja. Zaka zitatu livu yanga yakhala ikugwira zenera.

Ndafunsa kuti anadziwa liti. Akuti chaka chachiwiri, atangoona minga. Ndati nanga osandiuza bwanji, munthu wa Mulungu inu?

"Ndinayamba kukuuzani. Munati wa ku Mangochi akaphunzitsa wa ku Dedza za mapichesi, ndiye kuti nsomba yayamba kuphunzitsa mbuzi kukwera phiri. Ndiponso inali sabata imene munandithirira mchere mu shuga."

Ndinanenadi. Inali nthabwala yabwino. Mpaka lero ndi yabwino.

Masana Mama Wamkulu andiitanitsa pazenera. Ustazi anawafotokozera zonse, mpaka za chipewa. Aseka mpaka mikanda yagwa. Kenako alankhula, Ustazi akumasulira: "Mawu ndi mawu. Mtengo umenewu ukadzabereka mishimishi weniweni, wokhala ndi phesi, tikiti ndidzagula ndine."

Ndati nanga Juni uno, Mama? Akuti Juni ayi. Madamu a kuseri apempha kale kuti ine ndiziyang'anira dimba lawo mwezi wonse wa Juni, chifukwa wa m'dimba wawo am'patsa livu. Mphatso. Chifukwa cha zipatso zisanu ndi ziwiri.

Ndabwereza kuti ndimve bwino. Jafali akupita kumudzi. Ine ndikutsala kuthirira kamtengo kake.

Ndafunsa injiniya kuti kumezanitsa pa chimbeta changachi kungatheke liti. Akuti Januwale, kukazizira. Kubereka, zaka ziwiri kapena zitatu, ngati wagwira, ngati mphepo siithyola, ngati tapeza njira yolowetsa mtengo wa mamita anayi mufiriji. Wamaliza ndi inshallah, ija yotsitsa mawu, ya anthu odziwa kuti sizitheka.

Lamulungu, 11 Meyi

Kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Wilibala andibwezera. Msomali ndazula, chitsononkho ndataya. Mtengo ndaupepesa, poti wolakwa si iwo. Unapatsidwa ufulu, unaudya.

Teni koloko, dzanja latulukira pamwamba pa mpanda, lagwira chipatso chimodzi. Madamu anathyola m'mawa, anam'patsa Jafali ziwiri, china wandigawira. Ndafunsa dzina lake. Akuti Nura.

Ndamudya Nura. Ndinkafuna akhale wowawasa. Ndinapemphera kuti akhale wowawasa. Madzi ake atsikira m'ndevu, fungo lake lafika mpaka kuseri kwa maso. Za m'sitolo zija ndi sopo. Jafali akufunsa kuseri kuti zili bwanji. Ndati zilibe mchere.

Njere ndasunga m'thumba la malaya. Akuti tsinde la njere limachedwa koma limapirira. Tifanana.

Kenako nkhani yaikulu. Kuchoka ku bwalo la ndege kupita ku Mangochi, msewu umadzera pa Dedza. Ndinaganiza usana wonse wa dzulo, ndameza mwala, ndapempha Jafali kuti akaime pa mzere m'malo mwanga. Poyamba anakana, akuti ndevu zake ndi zaulemu, akuti anthu akamva kwawo adzamuchotsa pa komiti ya mzikiti. Ndati chitenje n'cha mamita anayi, chagulidwa kale, ndipo mwana ndinamulonjeza ali sitandade 5 kuti pa mzerepo padzakhala nkhalamba. Akuti, "Kamodzi kokha. Ndipo osajambula."

Adzajambula. Ndauza kale anthu atatu.

Nthawi yopuma masana, sukulu m'galaja, mphunzitsi ine. Ndam'funditsa katani ya Madamu. Malamulo: mutu pansi, mapazi aafupiafupi, nsapato zobisa, osatsokomola, mkamwini akayandikira uchite manyazi ndi phewa. Ndamuonetsa kawiri. Ndati yesani, ndikudziwa kuti poyamba zimavuta.

Wayenda kuchoka pa chitseko kufika pa zenera.

Ambuye wanga. Munthu akuyenda ngati madzi a mumtsuko pamutu pa namwali! Phewa lija walichita mwa njira imene ine miyezi itatu sindinaipeze. Ngakhale chiuno akundiposa! Ndamuuza kuti n'zosakhala bwino kwenikweni koma kumudzi sadziwa kusiyanitsa.

Madzulo ndaimbira Tadala. Ndamuuza kuti chitenje asabweze ku sitolo, chidzavalidwa, wachitatu pa mzere adzakhalapo, ndevu zoyera zidzakhalapo, kungoti mano adzachulukirapo. Waseka, kenako wasiya kuseka.

"Chabwino, agogo. Koma inuyo mubwera liti?"

Ndayang'ana chimtengo changa, chili jii pamwamba pa mpanda, minga yokhayokha.

Ndati fil mishmish, mdzukulu wanga.

Akuti ndiye kuti chiyani? Ndati ndi Chiarabu, ndiye kuti zipatso zikapsa.

"Oo, ndiye si kale. Ndikusungirani chitenjecho."

Ndati sunga. Ndadula foni, ndatenga payipi. Mawa Jafali ayamba kundiphunzitsa kapukutidwe ka masamba a kamtengo kake. Akuti ndibwere ndi kansalu koyera.